Bampala Yatuwa: Dziwani Chasuluka Musanagule Polishi

Mukadutsa pamalo oimikapo galimoto pa tchalitchi tsiku la Sabata, tayang'anitsitsani galimoto zimene zakhalitsa. Zambiri zitseko ndi boneti zimakhala zikuwalabe, koma bampala ili mbuu ngati miyendo ya mwana wosadzola mafuta m'nyengo yozizira. Ina imene inabwera ili bii tsopano ndi yotuwa. Ina yofiira yayamba kuoneka ya pinki. Ina penti wake akusendeka m'munsi mwa magetsi. Mwini galimoto akangofunsa chochita, alangizi amachuluka: uyu akuti pakani mafuta ophikira, uyo akuti polishi wa nsapato, winanso akuti muiwambe ndi moto idzada yokha.

Mabampala otuwa amaoneka ngati akudwala nthenda imodzi, pamene nthenda zake zilipo zitatu ndipo iliyonse ili ndi mankhwala ake. Mankhwala a nthenda ina akapita pa inzake, ndalama zimalowa m'madzi, ndipo nthawi zina bampala imene ikanachira ndi ntchito ya maola atatu imafika pofunika kuipentanso kapena kugula ina. Kwa mphunzitsi, namwino kapena abusa amene anasunga ndalama zaka zingapo kuti agule Vitz kapena Sienta yogwirapo kale ntchito ku Japan, imeneyi si nkhani yaing'ono. N'chifukwa chake ntchito yoyamba ndi kudziwa chimene chasuluka.

Bampala inapangidwa ndi chiyani?

Galimoto zakale kwambiri zinali ndi mabampala achitsulo onyezimira. M'zaka za m'ma 1970 opanga galimoto anayamba kusinthira ku pulasitiki, ndipo Renault 5 ya mu 1972 inali imodzi mwa galimoto zoyamba za anthu wamba kutuluka ndi mabampala otere. Lero chimene timachitcha bampala ndi chikuto chabe. Chitsulo chimene chimalandira mphamvu ya ngozi chili kuseri kwake.

Chikutocho nthawi zambiri chimapangidwa ndi pulasitiki wotchedwa polypropylene. Amene munaphunzira Chemistry ku sekondale mukukumbukira ma polymer, aja a mamolekyu ang'onoang'ono ambirimbiri olumikizana n'kupanga unyolo wautali. Polypropylene ndi unyolo wa mamolekyu a propene. Katswiri wa ku Italy, Giulio Natta, anapeza njira yomupangira mu 1954, ndipo mu 1963 analandira mphoto ya Nobel pamodzi ndi Karl Ziegler wa ku Germany. Pulasitiki yemweyu ndi amene ali m'mipando yapulasitiki imene timakhalira pa msonkhano wa misasa, ndiponso m'matumba a feteleza. Kuti bampala izipindika ikagundidwa pang'ono m'malo mothyoka, amasakanizamo labala wotchedwa EPDM, ndipo nthawi zambiri amathiramonso ufa wa mwala wa talc kuti ilimbe. Mukasuzumira kuseri kwa bampala mupeza zilembo zodinda monga >PP+EPDM<. Zilembozi ndi zimene zimauza mmisiri mtundu wa pulasitiki amene wagwira.

Mabampala ena amachoka ku fakitale osapentedwa. Mtundu wawo wakuda kapena wotuwirako uli m'pulasitiki mwenimwenimo, ndipo pamwamba pake pamakhala pokhakhala ngati khungu la ndimu. Oterewa timawaona pa Probox zambiri ndi pa RAV4 zoyambirira za m'ma 1990. Ena amapentedwa mofanana ndi galimoto yonse, ndipo pentiyo amakhala wosanjikiza patatu: pansi pali pulaima womamatira ku pulasitiki, pakati pali penti wa mtundu, pamwamba pali penti wopanda mtundu woonekera ngati galasi, clear coat, amene amisiri amangomutcha kiliya. Kuwala konse kumene timakuona kumachokera pa kiliyayu.

Zonse zitatuzi pamodzi n'zopyapyala kwambiri. Penti wa ku fakitale amakhala wochindikala ma micron pakati pa 100 ndi 150, ndipo micron imodzi ndi gawo limodzi mwa magawo 1,000 a milimita. Pepala limodzi la A4 limachindikala pafupifupi ma micron 100. Kiliya yekha ndi ma micron 40 kapena 50, theka la pepala lija. Nambala imeneyi muisunge, chifukwa ndi imene ikulamulira zonse zimene tingachite pa bampala yopentedwa.

Zimene dzuwa limachita

M'kuwala kwa dzuwa muli cheza chosaoneka ndi maso chotchedwa ultraviolet, kapena UV. Chezachi chili ndi mphamvu yodula unyolo wa ma polymer uja. Pamene paduka, mpweya wa okosijeni umalowapo, ndipo unyolo umapitiriza kuduka tizidutswa tating'onoting'ono. Kutentha kumafulumizitsa zimenezi. Aliyense amene anasiyapo thumba la feteleza padzuwa kwa miyezi ingapo anaziona: ukalinyamula limangofumbutuka ngati ufa. Mpando wapulasitiki wokhalitsa panja umayera, kenaka umathyoka mwendo munthu atakhalapo. Opanga galimoto amathira mankhwala otchinga UV m'pulasitiki ndi m'kiliya, ndipo mwaye wotchedwa carbon black, umene umadetsa bampala yakuda, umatchinganso cheza. Koma chitetezo chimenechi chimatha pang'onopang'ono zaka zikamapita.

Nanga kusulukako kumaoneka koyera chifukwa chiyani? Taganizirani za dziwe m'mawa kuli zii. Madzi ali phee, ndipo mumaonamo mitambo ndi mitengo. Mphepo ikangowomba, chithunzicho chimabalalika. Penti watsopano ndi wosalala ngati madzi odekha, choncho kuwala kumabwerera mbali imodzi ndipo diso limaona kunyezimira. Penti kapena pulasitiki wopsa ndi dzuwa amakhala ndi timing'alu ndi timaenje tosaoneka ndi maso, ndipo kuwala kukagwerapo kumamwazikira mbali zonse. Kumwazikako ndi kumene timakuona ngati kutuwa. Mtundu weniweni nthawi zambiri umakhala ulipobe pansi pa khungu lakufalo.

Kuno kwathu zimenezi zimachitika mwamsanga. Malawi ali pakati pa madigiri 9 ndi 17 kummwera kwa equator, choncho dzuwa limadutsa paliwombo penipeni kawiri pachaka, pakati pa Okutobala ndi Novembala ndiponso mu Febuluwale. Ku Tokyo, pa madigiri 35 kumpoto, dzuwa silifika pamenepo ngakhale tsiku limodzi. Kukwera kwa malo kumawonjezeranso: bungwe la WHO limati UV amakwera ndi pafupifupi 10 peresenti pa mamita 1,000 aliwonse, ndipo Lilongwe ali pa mamita oposa 1,000. Ku Chikwawa ndi ku Nsanje kumene kuli kotsika, kutentha kumapitirira madigiri 40 m'chilimwe. Galimoto imene yafika itagwira kale ntchito zaka khumi kwina imabwera chitetezo chake chitachepa kale, ndiye n'kudzakumana ndi dzuwa lotere. Onjezanipo fumbi, timiyala tothamangitsidwa ndi matayala a galimoto za patsogolo, ndi sopo wa ufa wochapira zovala amene ambiri amatsukira galimoto, muona chifukwa chake bampala imayamba kukalamba.

Pimani kaye

Tsukani bampala ndi madzi ndi sopo, iume, kenaka chitani mayeso anayi awa. Sakufuna chida chogula.

Loyamba ndi la diso ndi chala. Ngati pamwamba pali pokhakhala ndipo mtundu wa kunja ukufanana ndi wa kuseri, bampalayo ndi yosapentedwa. Ngati ndi yosalala ndipo kuseri kuli mtundu wina, ndi yopentedwa.

Lachiwiri ndi la madzi. Thirani madzi pamalo potuwa. Madzi amadzaza timaenje tija kwa kanthawi, choncho amakuonetsani mmene bampala ingaonekere itasalala. Ngati mtundu wabwerera ponseponse mofanana, chawonongeka ndi khungu la pamwamba lokha, ndipo ntchitoyo mungaigwire pakhomo. Ngati pakuonekabe zigamba zoyera zokhala ndi malire, kapena m'mphepete mwake mukutukuka ngati khungu la munthu wopsa, kiliya wafa ndipo akusiyana ndi penti wa pansi.

Lachitatu ndi la nsalu yoyera, ndipo ndi la bampala yopentedwa. Ikani kadontho ka polishi wa galimoto pa nsalu n'kukhuta pamalo pobisika. Nsalu ikatenga mtundu wa galimoto, ndiye kuti palibe kiliya: mwina pentiyo ndi wa mtundu wakale wosanjikiza kamodzi, mwina kiliya anatha kale pamenepo. Galimoto zambiri zakale zofiira ndi zoyera zinkapentedwa popanda kiliya. Ngati galimoto ndi yoyera, yesani ndi nsalu yakuda. Penti wosanjikiza kamodzi amasuluka msanga, komanso amabwerera bwino, chifukwa mtundu uli m'kati monse.

Lachinayi ndi la chikhadabo. Dutsitsani chikhadabo mopingasa pamalo pokandika. Chikadutsa osakodwa, kukandikako kuli pamwamba ndipo kungachoke. Chikakodwa, kwalowa kwambiri, ndipo kukulondola ndi polishi kungakutherereni kiliya yense.

Mayesowa akuikani pa imodzi mwa njira zitatu: penti wosuluka koma wamoyo, pulasitiki wosapentedwa, kapena kiliya wakufa.

Njira yoyamba: penti wosuluka koma wamoyo

Chofunika kumvetsa apa n'chakuti polishi wa galimoto amagwira ntchito mopala. Ali ndi timchenga tosalala kwambiri timene timachotsa khungu lakufa kuti losalala la pansi lionekere. Nthawi iliyonse imene mwapolisha, kiliya wa ma micron 40 uja amachepa, ndipo sameranso. Amisiri osamala amayesetsa kuti pa moyo wonse wa galimoto asachotse kupitirira gawo limodzi mwa magawo anayi a kiliyayo. Pa chitseko chachitsulo amatha kuyeza penti wotsala ndi kachipangizo, koma tizipangizo tofala timadalira chitsulo cha pansi ndipo pa pulasitiki sitiwerenga kanthu. Pa bampala mumayenda mosaona, choncho lamulo ndi kuyamba ndi mankhwala ofatsa kwambiri n'kusiya kuwala kukangobwera.

M'masitolo a zida za galimoto muli mitundu itatu imene anthu amaisokoneza. Compound ndi wa timchenga tokulirapo, wopala msanga. Farécla G3 ndi chitsanzo chodziwika kwa opopera penti. Polish ndi wa timchenga tosalala, womalizira. Wax ndi phula lotchinjiriza, ndipo silipala kanthu. Phula lokha pa penti wosuluka limawalitsa masiku ochepa ngati mmene madzi aja anachitira, kenaka kutuwa kumabwerera.

Ikani galimoto pamthunzi ndipo dikirani kuti bampala izizire. Tengani ndowa ziwiri, ina ya madzi a sopo, ina ya madzi oyera otsukuluziramo nsalu musanaibwezere m'sopo, kuti mchenga usabwerere pa penti. Pa tsiku limeneli lokha mungagwiritse ntchito sopo wamadzi wotsukira mbale, chifukwa amachotsa phula lakale ndi mafuta. Madontho a tala achotseni ndi parafini pang'ono pa nsalu, n'kutsukapo nthawi yomweyo. Petulo, thinner ndi mankhwala ochotsera utoto wa m'zikhadabo asafike pafupi. Mafuta a mabuleki nawo amadya penti.

Ikauma, lowetsani dzanja m'pepala lapulasitiki la buledi n'kusisita bampala. Pepalalo limathandiza zala kumva timiyala tomatirira timene dzanja lokha silitimva. Ngati pakumveka ngati sandipepa, dutsitsanipo clay bar, chinthu chofewa ngati dongo chogulitsidwa m'masitolo omwewo, pamwamba pali ponyowa ndi madzi a sopo. Kupolisha timiyalato tilipo n'chimodzimodzi kukhuta penti ndi mchenga.

Kenaka matani tepi ya pepala pa magetsi, pa pulasitiki wakuda woyandikana ndi penti, ndi pa timapepala tonyezimira tija, toyera kutsogolo ndi tofiira kumbuyo. Ngati timapepalato tasuluka, tisintheni. Ndi timene timaonetsa galimoto yoima m'mbali mwa msewu usiku.

Sankhani kamalo kakang'ono ngati chikhatho, m'munsi mosaonekera, muyesepo polish yekha. Ikani madontho atatu kapena anayi pa siponji yofewa kapena nsalu ya microfibre. Khutani mopingasa kenaka motsika ndi kukwera, mokanikiza pang'ono, kwa mphindi imodzi kapena ziwiri, n'kupukuta ndi nsalu ina youma. Kuwala kukabwera, compound simukumufuna. Kukapanda kubwera, yesani compound pamalo omwewo, n'kumaliza ndi polish. Njira imene yagwira pa kamaloko ndi imene muyende nayo bampala yonse, chigawo chimodzi cha masentimita 30 kapena 40 pa nthawi. M'makona ndi m'mizere yotukuka penti amakhala wopyapyala kuposa pena paliponse, ndiye dutsanimo mopepuka. Nsalu ikayamba kutenga mtundu pa bampala imene poyamba sinkatulutsa mtundu, siyani pomwepo: mwaboola kiliya.

Za makina. Chitsulo chimamwaza kutentha msanga, pamene pulasitiki amakusunga pamalo amodzi. Makina opolishira akakhalitsa pamodzi, penti wa pa bampala amafewa n'kukwinyika m'kanthawi kochepa, zimene pa chitseko sizikanachitika. Ngati muli ndi makina, ayendetseni pang'onopang'ono, osaima malo amodzi, ndipo muzikhudza ndi kuseri kwa dzanja, pakatentha, pumulani. Chopukusira zitsulo, chija amati grinder, musachimangirire siponji. Chaching'ono chimazungulira pafupifupi ka 11,000 pa mphindi, pamene makina opolishira ozungulira amafika pafupifupi ka 3,000 basi ndipo pa bampala amafunika kutsika kwambiri. Bampala si yaikulu, manja amakwanira.

Sandipepa ndi wa mikwingwirima yokhayo imene compound walephera koma chikhadabo sichikukodwamo. Akhale wa nambala 2000 kapena 3000, woviikidwa m'madzi, wodutsitsa kangapo kokha, kenaka compound ndi polish. Ngati simunachitepo, phunzirirani pa bampala yotayidwa ya ku galaja.

Pomaliza tsukaninso ndi sopo kuti mafuta a m'polishi achoke, muone kuwala kwenikweni, kenaka pakani phula. Sitepe imeneyi musailumphe, chifukwa penti amene mwangomuvundukula alibe chomutchinga. Phula lachilengedwe la carnauba, lochokera ku masamba a mgwalangwa wina wa ku Brazil, limawala bwino koma padzuwa lathu limatha m'mwezi umodzi kapena iwiri. Lopangidwa ku fakitale, lolembedwa kuti sealant, limakhalitsako miyezi ingapo. Pakani mopyapyala, liume mpaka lichite mbuu, n'kupukuta.

Njira yachiwiri: pulasitiki wosapentedwa

Apa polishi ndi phula la penti ndi adani. Zimalowa m'timaenje ta pokhakhala paja n'kuuma zoyera, bampala n'kutuwa kuposa kale. Ngati zinalowamo kale, zichotseni ndi mswachi ndi sopo, kapena ndi labala wofufutira pensulo.

Nanga malangizo a m'misewu aja? Mafuta ophikira, Vaseline ngakhale chiponde zimadetsadi bampala, ndipo chifukwa chake ndi chomwe chija cha madzi: mafuta amadzaza timing'alu, kuwala n'kusiya kumwazika. Pulasitiki amakhala sanasinthe. Pamsewu wafumbi mafutawo amagwira dothi, ndipo mvula ikagwa amayenderera n'kusiya mizere. Polishi wa nsapato amathimbirira zovala za odutsa pafupi. Oilo wakale wa mu injini ndiye woipitsitsa, chifukwa kumukhudza kawirikawiri kumaika khungu pa chiopsezo cha khansa. Mankhwala opopera owalitsa matayala ambiri ali ndi silicone, amene amalowerera m'pulasitiki. Tsiku limene mudzafune kupenta bampalayo, penti adzakana kugwira n'kuchita timaenje ngati maso a nsomba.

Kuwamba ndi moto kapena ndi makina otulutsa mpweya wotentha kumadabwitsa, chifukwa bampala imada munthu akuona. Chimene chimachitika n'chakuti khungu la pamwamba limasungunuka, popeza polypropylene amasungunuka pa madigiri pafupifupi 160, ndipo timing'alu timatsekeka. Koma unyolo woduka uja sulumikizananso, ndipo kutenthako kumawonjezera kukalamba kwa pulasitiki. Pakapita miyezi kutuwa kumabwerera, nthawi zambiri mwamawangamawanga, ndipo kuwamba kulikonse kumasiya bampala yosachedwa kuthetheka. Dzanja likachedwa pamalo amodzi, pokhakhala paja pamasalala kapena kupindika, ndipo sipabwereranso. Moto weniweni pafupi ndi galimoto ya petulo ndiye ndi ngozi yoiputa dala.

Njira yokhalitsa imayamba ndi kukwecha. Tengani burashi yolimbirako ndi sopo wa mbale, kwechani mpaka thovu lisiye kutuluka lotuwa, tsukuluzani, ndipo iume kwathunthu, chifukwa madzi obisala m'timaenje amalepheretsa mankhwala kugwira. Kenaka pakani mankhwala olembedwa kuti trim restorer. Werengani botolo: ena ndi mafuta chabe otha pakutsuka kuwiri kapena kutatu, ena ali ndi utoto wakuda wolowerera, ena amauma n'kupanga khungu lolimba lotchinga UV. Mitundu iwiri yomalizayi ndi imene imakhala miyezi yambiri. Pakani mopyapyala ndi siponji, pukutani otsala, valani magolovesi, ndipo galimoto isanyowe kwa maola amene alembedwa pa botolo. Bampala imene yayera kwambiri ingapoperedwe penti wa m'chitini wopangidwira mabampala, koma poyamba pafunika mankhwala omamatiza otchedwa adhesion promoter. Polypropylene ndi woterera mwachibadwa, ndipo penti wamba amasendeka pa iye ngati mmene amachitira pa ndowa yapulasitiki.

Pali mbali ina imene ikutikhudza monga Akhristu. Kupaka mafuta bampala m'mawa wa tsiku logulitsa galimoto, kuti wogula aganize kuti yakhala ikusungidwa m'nyumba, ndi kunama ngakhale pakamwa pasanatuluke mawu. Kuikonza n'kumuuza wogula chimene mwachita ndi malonda abwino. Inunso pogula, sisitani bampala ndi chala. Chikatuluka chonona, funsani mafunso ambiri, chifukwa wobisa kutuwa angabisenso zina.

Njira yachitatu: kiliya akafa

Kiliya amene wayamba kusendeka sabwerera ndi mankhwala a m'botolo lililonse. Polishi amangokulitsa chigambacho, ndipo penti wa mtundu amene watsala pamtunda sanapangidwe kuti aziwala kapena kupirira dzuwa payekha. Chotsala ndi kupentanso, ndipo imeneyi ndi ntchito ya mmisiri.

Musanasiye galimoto, kambiranani zinthu zingapo. Kodi bampala aichotsa pa galimoto kuti apente mpaka m'mphepete? Kodi kiliya yense wofooka amupala, kapena angopopera pamwamba pake? Pamene pulasitiki waonekera, kodi apakapo pulaima wa pulasitiki? Pulaima wa chitsulo pa bampala ndi chimodzi mwa zifukwa zimene penti watsopano amasendekera chaka chisanathe. Funsaninso ngati m'penti athiramo mankhwala omuthandiza kupindika pamodzi ndi pulasitiki. Mtundu asauyerekeze ndi maso okha. Galimoto iliyonse ili ndi nambala ya penti wake pa kachitsulo kapena kapepala ka pa mphuthu ya chitseko kapena m'boneti. Pa Toyota imalembedwa pambuyo pa zilembo C/TR. Mwachitsanzo 040 ndi woyera ndipo 1F7 ndi wasiliva. Ngakhale nambala ikhale yolondola, bampala yatsopano ingasiyaneko pang'ono ndi thupi la galimoto limene lasuluka kwa zaka, choncho ndi bwino kupolisha mbali zoyandikana nayo mtundu usanasakanizidwe.

Ena amafuna kudzipopera okha kiliya wa mtundu wa 2K, wosakaniza ndi mankhwala oumitsa. Kiliya ameneyu ndi wolimbadi, koma mankhwala oumitsawo ali ndi ma isocyanate, amene amayambitsa mphumu yosachiritsika mwa ena owapuma. Kansalu kapena masiki ya kuchipatala sizitchinga. Thupi ndi lofunika kuposa bampala, ndipo ngati mmisiri wanu amapopera wopanda chotchinga choyenera, mukumbutseni mwaulemu. Penti watsopano amafuna mwezi umodzi kapena kuposerapo kuti aumiretu asanapakidwe phula.

Bampala ikachotsedwa, onaninso kuseri. Timapini tothyoka, chitsulo chopindika kapena chadzimbiri, ndi waya womangira pamene panali bawuti, zonsezi n'zofunika kukonza kuposa mtundu.

Kusunga kuwala

Ntchito yonseyi imatha msanga ngati galimoto ibwerera ku moyo wakale. Mthunzi ndi mankhwala otsika mtengo kuposa onse. Maola amene UV amakhala wamphamvu kwambiri ndi kuyambira cha m'ma 10 koloko m'mawa mpaka 4 koloko masana, ndipo mitambo yopyapyala siimutchinga. Galimoto imene imaima panja kuyambira pa Sukulu ya Sabata mpaka mapologalamu a masana atatha imalandira maola onsewo. Kashedi ka malata kapena ka udzu pakhomo kamathandiza kwambiri. Pansi pa mtengo ndi pabwinonso, bola zitosi za mbalame ndi utomoni muzizichotsa tsiku lomwelo, chifukwa zikauma padzuwa zimadya kiliya. Chinsalu chofunditsa galimoto chiikidwe pa galimoto yotsuka; pa yafumbi, mphepo ikamachigwedeza chimakhuta penti.

Potsuka, yambani mwathira madzi ambiri kuti fumbi litsike nsalu isanakhudze. Kupukuta fumbi ndi nsalu youma m'mawa uliwonse kumaoneka ngati ukhondo, koma ndi kumene kumasiya timizere tozungulira tooneka padzuwa. Sopo wa ufa amachotsa phula ndi kuumitsa pulasitiki. Gwiritsani ntchito sopo wa galimoto, ndipo anyamata otsuka galimoto muziwapatsa wanu. Kuti mudziwe ngati phula likadalipo, thirani madzi. Akapanga timadontho tozungulira, lilipo. Akangoyala, nthawi yopakanso yakwana. Nthawi ziwiri zosaiwala ndi mu Seputembala, dzuwa la chilimwe lisanafike pachimake, ndi mu Epulo mvula ikatha. Kupolisha kopala kuja kusakhale kwa mwezi ndi mwezi. Mukasunga bwino phula, pangapite zaka musanakufunenso.

Ntchitoyi ipatseni tsiku lake. Kutsuka, kuumitsa, kuyesa ndi kupolisha mabampala awiri ndi manja kumatenga theka la tsiku, ndipo mankhwala a pulasitiki wakuda amafuna maola ena ouma. Kuiyamba Lachisanu masana, pa tsiku lokonzekera, kumachititsa munthu kuthamanga ndi dzuwa, ndipo wothamanga ndi amene amaboola kiliya. Sande m'mawa ndi nthawi yabwino.

Kwa ife ophunzira, lusoli lingathandize pa ndalama ya fizi nthawi ya holide. Mpamba wake ndi ndowa ziwiri, nsalu zingapo zofewa, siponji, tepi ndi mabotolo atatu kapena anayi, ndipo galimoto zofuna chisamaliro zili paliponse. Amene akufuna kuyamba ayesere kaye pa bampala yotayidwa, ndipo mayeso anayi aja aziwachita mwini galimoto akuona. Akapeza kuti kiliya wafa, anene zoona kuti imeneyi ndi ya kwa wopopera penti, ngakhale zitanthauze kubwerera kunyumba wopanda ndalama tsiku limenelo. Mwini galimoto amene wauzidwa zoona amabweranso ndi ntchito ina, ndipo amauzako anzake.